Kodi ndi kangaude adagwetsa paki ya mapaundi 3.5 biliyoni?

Mu Januwale 2025 khoti lalikulu la ku London lidalamula kuti kampani ya London Resort Company Holdings itsekedwe chifukwa cha ngongole. Apo ndi pomwe padathera maloto omanga paki yaikulu ya zisangalalo ku Swanscombe, m'chigawo cha Kent ku England, yomwe eni ake ankati idzapikisana ndi Disneyland ya ku Paris. Zaka zoposa 12 zidadutsa chilengezereni ntchitoyo, koma pamalopo sipadaimikidwe katungwe ngakhale mmodzi.

Ambiri amaloza chala kangaude wina wamng'ono, wosaposa njere ya mpunga, amene akatswiri amamutcha Attulus distinguendus. M'dziko lonse la Britain kangaudeyu amadziwika pa malo awiri okha: ku Swanscombe ndi ku West Thurrock, kutsidya kwa mtsinje wa Thames. Koma kodi mlandu wonse ndi wakedi?

Malonjezo a 2012

Ntchitoyi idalengezedwa mu Okutobala 2012. Eni ake adati adzalowetsapo mapaundi 2 biliyoni, anthu 27,000 adzapeza ntchito, ndipo zipata zidzatsegulidwa chaka cha 2019 chisanathe. Padayenera kukhala sitima zothamanga pa njanji zokhotakhota m'mwamba, malo osewerera m'madzi, mahotela ndi nyumba za zisudzo, zambiri mwa izo zokongoletsedwa potengera mafilimu a kampani ya ku America ya Paramount. M'kupita kwa zaka mtengo udakwera mpaka 3.5 biliyoni.

Malowo ankaoneka ngati opanda wowalirira. Ndi ndomo ya mtunda yolowa mu mtsinje wa Thames, pakati pa Dartford ndi Gravesend, pomwe kale mafakitale a simenti ankatayapo fumbi ndi zinyalala zawo. Komatu dothi louma ndi losauka ngati limeneli, losalimidwa ndi losapoperedwa mankhwala, limakondedwa ndi tizilombo tomwe tidasowa pokhala m'minda ya masiku ano. Mafakitale atachoka, mudadzaza njuchi zam'tchire, zikumbu, akangaude, maluwa osowa ndi mbalame za m'madambo. Akatswiri adawerengamo mitundu ya tizilombo yoposa 1,700.

Lamulo limadya miyezi ingati?

Mu 2014 boma lidaika pakiyi m'gulu la ntchito zofunika ku dziko lonse, zomwe chilolezo chake chimachokera kwa nduna osati ku khonsolo ya m'deralo. Njira imeneyi, ya m'lamulo la 2008, ili ndi nthawi yoikika. Mapepala akaperekedwa, ofesi yoona za mapulani ili ndi masiku 28 oti iwalandire kapena iwabweze. Pakatha miyezi ngati itatu yokonzekera, kuunika kumayamba ndipo sikupitirira miyezi isanu ndi umodzi. Ounikawo amalemba maganizo awo m'miyezi itatu, ndunanso imagamula m'miyezi itatu. Zonse pamodzi sizikwana chaka ndi theka.

Nthawi yambiri imathera kumbuyo, mapepala asanaperekedwe. Womanga amayenera kufunsa maganizo a anthu a m'deralo ndi kulemba lipoti losonyeza mmene ntchito yake idzakhudzire madzi, mpweya, misewu ndi zamoyo, monga momwe lamulo la zachilengedwe la 1997 limafunira kuno ku Mozambique. Kafukufuku wa zamoyo sathamangitsidwa ndi ndalama, chifukwa amayendera nyengo. Mbalame zoswana zimawerengedwa nthawi yomanga zisa, zobwera kudzathawa chisanu zimawerengedwa m'nyengo yozizira, tizilombo timapezeka kukatentha. Wophonya nyengo amadikira chaka china. Ndipo ntchito ikachedwa kwambiri, kafukufuku wakale amatha mphamvu, n'kuyambanso.

Apa ndi pomwe nkhani ya Swanscombe imasiyana ndi zomwe ambiri amakamba. Tsiku lopereka mapepala lidasunthidwa kangapo. Paramount idachoka mu 2017, n'kubwereranso mu 2019. Mapepala adafika ku boma kumapeto kwa Disembala 2020, patatha zaka zisanu ndi zitatu, nthawi yomwe paki idayenera kukhala itatsegulidwa kale. Zaka zonsezo malowo adalibe chitetezo chomwe adadzapatsidwa pambuyo pake.

Chaka cha kangaude

Mapepala adalandiridwa mu Januwale 2021. Mu Malichi chaka chomwecho bungwe la boma loteteza chilengedwe la Natural England lidalengeza kuti mahekitala oposa 250 a ku Swanscombe ndi malo otetezedwa chifukwa cha zamoyo zake. Mabungwe monga Buglife, lomwe limamenyera nkhondo tizilombo, adali atapempha zimenezi. Malinga ndi lamulo la 1981, chitetezo chotere chimayamba kugwira ntchito tsiku lomwe chalengezedwa, odandaula amapatsidwa mpata, ndipo chigamulo chomaliza chimabwera miyezi isanu ndi inayi isanathe. Kampani idatsutsa, koma mu Novembala 2021 chitetezocho chidatsimikizidwa.

Chitetezo chotere sichiletseratu kumanga. Chimangokweza chikwere: womanga asonyeze kuti phindu la ntchito yake likuposa chomwe chidzawonongeke, kuti wayesetsa kupewa kuwononga, ndiponso kuti adzabwezera chotayikacho pamalo ena. Koma dothi la fumbi la simenti lomwe lakhala zaka makumi likusanduka mudzi wa tizilombo silisamutsidwa ngati khola la mbuzi. Kampani idapempha nthawi yokonzanso mapepala ake, kuunika n'kuimitsidwa kwa miyezi yambiri. Amalonda aang'onoang'ono okhala ndi mashedi ndi magalaji pamalopo ndiwo adamva kuwawa, pakuti kwa zaka sankadziwa ngati adzachotsedwa, ndipo sakadatha kukuza malonda awo.

Kumapeto kwa Malichi 2022, kuunika kutangotsala pang'ono kuyamba, kampani idabweza pempho lake. Idatchula zifukwa ziwiri: chitetezo cha malowo, ndi kusintha kwa zinthu pa doko la Tilbury kutsidya kwa mtsinje, pomwe alendo adayenera kumakwerera maboti opita ku paki. Idalonjeza kuperekanso mapepala chaka chomwecho, koma sadaperekedwe. BBC ndi ITV, omwe adavomera kuti mapologalamu awo agwiritsidwe ntchito m'pakimo, adachoka. Pomaliza, amene adaikokera kukhoti pofuna ndalama zake ndi Paramount yomwe ija.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe

Palibe angakane kuti malamulo a chilengedwe adachedwetsa ntchitoyi ndi kuikweza mtengo. Chaka chathunthu, kuchokera mu Malichi 2021 mpaka Malichi 2022, chidapita chifukwa cha chitetezo chija, ndipo amene akadaikamo chuma adazizira nkhongono. Koma tikawerengera bwino, chaka chimodzi n'cha kangaude, zisanu ndi zitatu n'za eni ake. Akadamvera msanga zomwe akatswiri a tizilombo ankadziwa za malowo, akadatha kusintha mapulani kapena kufuna malo ena.

Mu Epulo 2025 boma la Britain ndi kampani ya Universal adalengeza za paki ina pafupi ndi Bedford, pamalo pomwe kale ankawotcherapo njerwa. Ngakhale kampaniyi ili ndi mapaki ku America, Japan, Singapore ndi China, idadzipatsa mpaka 2031 kuti itsegule. Akuluakulu adati walira mvula walira matope: wofuna mahekitala mazana a malo ongogona ayambe wafunsa zomwe zikukhalamo asanasindikize tsiku lotsegulira.