MAU AMENE AMVEKA PA LAMYA IKAKANA KULOWA

Anthu ambiri a m'midzi amada nkhawa akaimba lamya kwa m'bale wao ku Lusaka, ku Migodi kapena ku Johannesburg, ndipo m'malo mwa m'baleyo amva mau acilendo onena kuti nambalayo siipezeka. Ena amaganiza kuti m'baleyo wawakana dala, kotero kuti m'mabanja mumabuka mikangano. Koma mauwo anajambulidwa kale, ndipo amene awatulutsa ndi makina.

Masiku ano lamya zambiri, makamaka zopita kunja kwa dziko, zimadzera pa intaneti. Makina a makampani a lamya amamvana mwa dongosolo lochedwa SIP, limene bungwe la IETF linafalitsa m'caka ca 1999 ndi kulikonzanso mu 2002. Lamya ikakana kulowa, makina a kumene ipita amabweza nambala yofotokoza cifukwa cace. Nambala 486 itanthauza kuti munthuyo ali pa lamya ina. 480 itanthauza kuti sapezeka pa nthawiyo, monga pamene lamya yace yazima. 404 isonyeza kuti nambala yoimbidwayo kulibe, 503 isonyeza kuti makina athodwa ndi nchito kapena aonongeka, pamene 603 ndiyo inena kuti munthuyo wakana kuyankha.

Woimba saona manambala amenewa. Kampani yace ndiyo imawasandutsa kukhala mau kapena kulira kwa lamya. Apa ndi pamene pagona bvuto, pakuti lamya yopita kutali imadutsa m'manja mwa makampani angapo, ndipo ina ikhoza kusintha nambala ija panjira. Motero makina akangothodwa, mai wa ku Katete angauzidwe kuti mwana wace sapezeka, pamene mwanayo ali cikhalire ndi lamya m'manja.

Nkhani ina yaikulu ndi ya ndalama. Mwa dongosolo lomwelo, kuwerenga mphindi zolipira kumayamba pamene makina atumiza nambala 200, yosonyeza kuti munthu wayankha. Mau a cidziwitso ayenera kumveka nambalayi isanatumizidwe, kuti woimba asalipire kanthu. Komabe pa njira zina za lamya zakunja pali ambanda amene amanamiza makina kuti lamya yayankhidwa, nayamba kudula ndalama pamene woimba akali kumva kulira cabe kapena mau ojambulidwa.

Cifukwa ca ici, awerengi alangizidwa kumvetsera mauwo mpaka kumapeto, kuona ngati nambala yalembedwa bwino, ndi kudikira pang'ono asanayesenso. Ndi bwinonso kuona ndalama zotsala m'lamya. Ngati zacepa popanda kulankhula ndi munthu, alembe tsiku, nthawi ndi nambala imene anaimba, napereke dandaulo ku kampani yao. Ngati sathandizidwa kumeneko, akadandaule ku ZICTA, bungwe la Boma loyang'anira za mtokoma, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2009.

Koposa zonse, munthu asafulumire kuweruza m'bale wace cifukwa ca mau a makina.