Mlatho wa ku Livingstone umene unakana kupuma pantchito

Pamene mlatho wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya unkatsegulidwa pa 12 September 1905, unali wa sitima basi. Njanji ziwiri, msewu ng'o. Wagalimoto wochokera ku Livingstone ankachita kukweza galimoto yake pa ngolo ya sitima kuti iwoloke Zambezi. Tangoganizani: chinthu chimene unagula kuti chizikunyamula, iwe n'kumachilipirira ulendo!

Zitsulo zake zinasulidwa ku England ndi kampani ya Cleveland Bridge, n'kudzera padoko la Beira. Uta wake ndi wa mamita 156, ndipo ukasuzumira pansi madzi ali mamita 128 kuchoka pamene waimapo.

Ndiye kunabwera 1929. Amisiri sanaugumule ayi. Anazula njanji imodzi, anaukuza m'mbali pafupifupi mamita 4, n'kuyala msewu ndi tinjira ta oyenda pansi. Pofika 1930, ha! Uta womwe uja, koma pamwamba pake sitima, galimoto, njinga ndi amayi osenza mitolo, onse akuwolokera pamodzi. Kwa ine palibe ntchito ina yokoma kuposa imeneyi pa mtsinje wonsewu.

Chimene chimasowetsa tulo amisiri a milatho ndi kugwedezeka, kaya kwa chivomezi, mphepo kapena katundu. Ku London, Millennium Bridge inatsegulidwa mu June 2000 n'kutsekedwa patangopita masiku awiri, chifukwa mapazi a anthu okha ankaipendamitsa ngati bwato. Anaimangirira zida zomeza mphamvu, kuphatikizapo ma tuned mass damper, zitsulo zolemera zokhala pa masipuling'i. Mlatho ukamatsika, chitsulo chimatsalira m'mwamba. Ukamakwera, chimakokera pansi, mpaka kugwedezeka kumathera momwemo. Mu February 2002 anthu anayendaponso uli zii. Nyumba ya Taipei 101, m'dziko la zivomezi, inapachika mpira wachitsulo wa matani 660 mwa nzeru yomweyi.

Ku Livingstone mankhwala ake ndi otchipa, ndipo amandiseketsa: ulemu. Sitima ikafika pamlatho imachita kukwawa, malole olemera amalowa imodzi imodzi, ndipo kuyambira May 2021 ambiri amatha kulambalala kudzera pa mlatho watsopano wa Kazungula. Alendo nawonso mlathowu aulanda. Amalipira madola kuti awamange chingwe m'miyendo, adziponye mamita 111 kuphompho, akukuwa mayi wawaye, kwinaku ogulitsa ziboliboli akufa ndi phwete.