Akakusankhani Kutsogolera Banki Mkhonde

Amayi, chaka chikamayamba, magulu ambiri a banki mkhonde m'boma la Nsanje amakhala atagawana ndalama za chaka chatha ndipo akukonzekera ulendo wina. Imeneyi ndiyo nthawi ya masankho. Tsiku lina mudzakhala pamkeka monga mwa masiku onse, kenaka mudzangomva dzina lanu latchulidwa, nthungululu n'kulira. Mwasanduka wapampando, kapena mlembi, kapena wosunga bokosi. Malipiro palibe. Kodi muvomera?

Musanayankhe, imvani za anthu ena amene ntchito yawo ikufanana ndi imene akukupatsaniyo. Kunja kuno kuli akatswiri a masamu otchedwa ma actuary. Iwowa amawerengetsera tsoka lisanagwe: mwa anthu chikwi amene alowa inshuwaransi, ndi angati angadwale kapena kumwalira chaka chino, ndipo aliyense azisonkha zingati kuti thumba lisaume. Ku Britain ali ndi bungwe lawo lotchedwa Institute and Faculty of Actuaries, limene mizu yake inayamba mu 1848. Kwa zaka zoposa 160 mpando wa pulezidenti unkakhalidwa ndi abambo okhaokha, kufikira Jane Curtis anakhala pulezidenti mu 2011. Mu 2017 mpandowo unapita kwa Marjorie Ngwenya, mayi wa ku Zimbabwe amene pa nthawiyo ankagwira ntchito ku South Africa. Anamusankha ndi akatswiri anzake, natumikira chaka chimodzi, nasiyira wina mpandowo monga mwa malamulo a bungwelo.

Mwina mukuti, za ku London zikukhudzana bwanji ndi ife a kwa Tengani kapena ku Marka? Tsegulani bokosi la gulu lanu. Muli matumba awiri. Lina ndi la masheya ndi ngongole, ndipo limenelo aliyense amaliyang'anitsitsa. Linalo ndi laling'ono, lothandizira pa maliro, matenda ndi ngozi zadzidzidzi. Thumba laling'onolo ndi inshuwaransi ndithu, ndipo wotsogolera zokambirana za kuchuluka kwa chosonkha ndi chopereka ndinu amene mwasankhidwa.

Tiyeni tiwerengetsere limodzi. Tinene kuti muli amayi 25, aliyense akuponya K200 pa sabata. Pa masabata 40 thumbalo lasonkhanitsa K200,000. Mukagwirizana kuti wogwa m'mavuto azilandira K20,000, ndiye kuti mungathandize anthu khumi pa chaka. Pa maliro ndi matenda zimenezi n'zokwanira, pakuti mavuto otere amagwera nyumba imodzi lero, ina mwezi wa mawa. Koma madzi osefukira sayenda motero. Shire ndi Ruo akakwiya amalowa m'nyumba zonse 25 usiku umodzi, ndipo K200,000 ija ikagawidwa aliyense apeza K8,000 yokha. Choipitsitsa n'chakuti madzi amabwera pakati pa Januwale ndi Malichi, pamene thumba lili longoyamba kumene, ndalama zambiri zili m'manja mwa obwereka, ndipo obwerekawo ndi omwewo amene mapira ndi mbuzi zawo zakokoloka. Anthu a ku Makhanga anaziona mu Januwale 2015, pamene dera lawo linasanduka chilumba chofikirika pa bwato kapena pa helikopita. Zinabweranso ndi namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Kanayi m'zaka zisanu ndi zinayi si tsoka lodzidzimutsanso ayi. Ndi mlendo wodziwika njira.

Choncho mtsogoleri wanzeru m'chigwa muno amakakamira zinthu zosakondweretsa anzake. Pa tsiku logawana amapempha kuti thumba laling'onolo lisagawidwe, lilowe m'chaka chatsopano lili ndi kanthu. Amapempha kuti mvula ikayandikira ngongole zikuluzikulu zichepe, ndi kuti ndalama zina zisungidwe ku banki kapena pa foni, osati zonse m'bokosi. Kunena zimenezi mu Disembala, Khirisimasi ili pafupi ndipo fizi ya ana ikudikira, kumafuna kulimba mtima. Ena adzakunenani kuti mwayamba kudzimva.

Musaganize kuti masamu ndi a anthu ophunzira okha. Mu 2016, chilala chitavuta, dziko la Malawi linali litagula inshuwaransi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity. Poyamba mawerengedwe a bungwelo anasonyeza kuti palibe chopereka, chifukwa anawerengera chimanga chochedwa kucha pamene alimi ambiri anabzala chocha msanga, chimene ng'amba inachipeza pa nthawi yoipa. Atakonza cholakwikacho, dziko linalandira madola 8.1 miliyoni. Chimene makompyuta anaphonya, mayi aliyense wogwira khasu ankachidziwa.

Kunena zoona, cholemera pa udindowu si masamu, koma anthu. Dongosolo la banki mkhonde, limene bungwe la CARE linayambitsa ndi amayi a ku Niger mu 1991, linakonzedwa modziwa mtima wa munthu. Atsogoleri amakhala asanu: wapampando, mlembi, wosunga bokosi ndi owerenga ndalama awiri. Bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi amayi ena atatu, ndipo silitsegulidwa kuseri. Malamulo amenewa amateteza gulu, komanso amateteza inu. Tsiku lina alamu anu adzafika madzulo, atanyamula nkhani ya mwana wodwala, kupempha kuti muwatapireko pang'ono adzabweza Lachisanu. Mtima udzawawa. Yankho lanu n'lakuti makiyi mulibe, ndipo ndi zoona. Apongozi anu akachedwa kubweza ngongole, chindapusa chawo chikhale chofanana ndi cha mayi wobwera kumene m'mudzi. Mukawakhululukira kamodzi, m'kaundula monse mwalowa chiswe.

Bambo a kunyumba auzeni musanavomere, osati atamva kale kuchigayo. Afotokozereni kuti pa sabata padzakhala tsiku limene nsima idzachedwa, ndipo ngati mwasankhidwa kusunga bokosi, adziwe kuti ndalama zogona m'nyumba mwawo si zawo, ngakhale njala itafika pakhosi.

Chaka chikatha masankho amachitikanso. Ena amaumirira mpando, amati popanda iwo gulu ligwa, ndipo n'chifukwa chake saphunzitsa wina kulemba m'kaundula. Inu yambani msanga kukhazika mayi wachitsikana pambali panu, aone m'mene mumalembera masheya ndi chiwongoladzanja. Ndipo mitambo ikayamba kuda cha kumapiri a Thyolo, kaundulayo mumukulunge m'pepala la pulasitiki, mumuike pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana, pamalo pamene dzanja lingafike mumdima.