NSUPA IKASWEKA MUSADIKIRE KUTI KUCE

Alimi anzanga, lero tiyambe taleka za cimanga ndi fodya, tinene za mai wapakati amene ali pakhomo panu.

Mwana m'mimba amakhala m'madzi otsekeredwa m'nsupa, monga mwanapiye m'dzira. Nsupayo ikasweka ndiye kuti khomo latseguka, ndipo tizirombo tosaoneka ndi maso timakwera ndi njira yobadwira mwana nkulowa m'madzimo. Pakapita maola 18 mwana asanabadwe, ngozi imakula ndithu. Kupisa zala kawiri-kawiri kapena kuikako zitsamba kumangothandiza tizirombo timeneti.

Mai akatentha thupi, mtima nkumathamanga, mimba nkumawawa poikhudza, madzi otuluka nkumanunkha, musafulumire kunena kuti ndi malungo wamba. Apa mpamene ambiri amataya tsiku lathunthu. Mwana angathe kubadwa ndi cibayo kapena matenda a m'magazi, mwinanso kufera m'mimba. Mai naye angataye magazi ambiri pocira, ndipo ciberekero cingagwidwe ndi matenda omwewo.

Ku cipatala amabaya mankhwala opha tizirombo ndi kufulumiza kubadwa kwa mwana, cifukwa matendawa sathera pa jekeseni yekha mwana akali m'kati.

Inu abambo, nkhaniyi si ya kwa amai okha ai. Ngolo ndi njinga zili m'manja mwanu. Madzi akatuluka, ngakhale mwezi usanakwane ndiponso mimba isanayambe kuwawa, mangani ng'ombe usiku womwewo. Ngati kwanu mitsinje imadzaza nthawi ya dzinja, mperekezeni mai ku cidikiro masiku akali kutali.