Oyendetsa Msika ndi Zikondwerero ku Dzaleka

Paliponse pamene anthu amasonkhana kudzagula ndi kugulitsa pamakhala gulu lina la antchito limene ogula salilabadira kwenikweni, ndilo la anthu amene amagawa malo kwa amalonda, amaonetsetsa kuti zinyalala zachotsedwa ndi ngalande zatsekulidwa, amaweruza mikangano ya pamsika, ndiponso amakonza zikondwerero zimene zimakokera alendo kumaloko. M'mizinda ikuluikulu ya kunja ntchito imeneyi ili ndi mabungwe akeake, pakuti kuyambira mu 1970, pamene eni masitolo a dera la Bloor West Village mumzinda wa Toronto ku Canada adagwirizana zomapereka msonkho wapadera wokonzera dera lawo, njira yotereyi yafalikira m'maiko ambiri, ndipo pakati pa mzinda wa Cape Town padakhazikitsidwa bungwe lofanana nalo m'chaka cha 2000 kuti lizisesa ndi kulondera misewu ya amalonda. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kulibe bungwe la mtundu umenewo, komabe ntchitoyo imagwiridwa tsiku ndi tsiku ndi anthu ambiri amene dzina la ntchito yawo silinalembedwe pachitseko cha ofesi iliyonse.

Dzaleka ili m'zitunda zozizira za ku Dowa, pa mtunda wopitirira pang'ono makilomita 40 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, ndipo m'nthawi ya ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda malowa adali ndende ya akaidi a ndale, kotero kuti ambiri amati dzinali lidachokera ku mawu a munthu wolapa akuti "ndidzaleka". Mu 1994 boma la Malawi, mogwirizana ndi nthambi ya bungwe la United Nations yoona za anthu othawa kwawo ya UNHCR, lidasandutsa malowa kukhala msasa wolandirira anthu othawa nkhondo ndi kuphana m'maiko a Rwanda, Burundi ndi Congo, ndipo pambuyo pake padafikanso ena ochokera ku Somalia ndi Ethiopia. Msasawu, umene kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 201, udakonzedwa kuti musungidwe anthu a pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma chiwerengero chidakwera pamene msasa wa Luwani m'boma la Neno udatsekedwa mu 2007 anthu ake nkusamutsidwira ku Dzaleka, ndipo lero chidapitirira 50,000. Madera a mkati mwake, amene amatchedwa mazoni, ali ndi maina odziwika bwino kwa Amalawi monga Kawale, Likuni, Zomba, Blantyre, Karonga ndi Lisungwi, ndipo aliyense woyenda m'tinjira take amaona kuti malo amene adayamba ngati pongobisala mvula adasanduka tauni.

Chimene chimaumba malonda a ku Dzaleka koposa zonse ndi lamulo. Pamene dziko la Malawi lidalowa mu pangano la maiko onse la 1951 lokhudza anthu othawa kwawo, lidakana kumangidwa ndi ndime zina za panganolo, makamaka zokhudza ufulu woyenda ndi wolembedwa ntchito, ndipo lamulo la dziko lino la 1989 lokhudza othawa kwawo likugwirabe ntchito pa maziko omwewo. Zotsatira zake nzakuti telala, mmisiri wa matabwa, mphunzitsi kapena namwino amene adathawa kwawo ali ndi luso lake m'manja sangakafune ntchito ku Lilongwe kapena ku Mponela mwaufulu, choncho luso lonselo limaunjikana pamalo amodzi. M'mbali mwa misewu ya mumsasa muli magolosale, malo odyera, mabutchala, zigayo, malo ometera ndi omangira tsitsi, okonza mafoni, osoka zovala ndi ophika chapati chimene chidatchuka mpaka ku Lilongwe. Tsiku lalikulu la malonda ndi Lachiwiri, ndipo msika wa tsikulo umadziwika ndi dzina la Chifalansa lakuti Mardi Marché, kutanthauza msika wa Lachiwiri. Patsikuli alimi a m'midzi yozungulira amabwera ndi chimanga, nyemba, mbatata, tomato, nkhuku ndi mbuzi, pamene ogulitsa kaunjika ndi ziwiya amayala katundu wawo kuyambira m'mamawa.

M'misika ya Malawi udindo woyendetsa malo otere uli m'manja mwa makhonsolo, malinga ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998 limene lidapereka mphamvu zambiri ku maboma, ndipo mwachizolowezi pamsika pamakhala mkulu woyang'anira msika, odula ziphaso amene amatolera msonkho wa tsiku ndi tsiku, ndi komiti ya msika yosankhidwa ndi amalonda eniake, imene imakhala ndi oimira mbali zosiyanasiyana monga ogulitsa nsomba, masamba kapena zovala. Ku Dzaleka dongosololi limakumana ndi ulamuliro wina, chifukwa msasawu uli pansi pa nthambi ya boma yoona za anthu othawa kwawo, imene imaika mkulu woyang'anira msasa, ndipo pansi pake pali atsogoleri a mazoni ndi a mitundu ya anthu, amene amanyamula madandaulo a anthu awo kupita nawo ku ofesi ndi kubweretsa mauthenga a ofesi kwa anthu. Malo onse ndi a boma, choncho wamalonda amene wamanga kagolosale kake alibe chikalata cha umwini, ndipo mkangano wa malire a benchi kapena wa ngongole ya katundu umathera kawirikawiri pamaso pa atsogoleri amenewa usanafike kupolisi. Mtsogoleri wotere amayenera kumva Chiswahili, Chirundi, Chinyarwanda, Chifalansa ndi Chichewa, kapena kukhala ndi omasulira okhulupirika, ndipo chuma chake chenicheni ndi mbiri yakuti saweruza mokondera mtundu wake.

Pansi pa atsogoleriwa pali anthu amene ntchito yawo imaoneka pokhapokha pamene yalekeka. Osesa ndi okankha mawilibala a zinyalala kupita nazo kudzala, osamala zimbudzi, oyang'anira mijigo ndi mipope pamene mizere ya zidebe imayamba kusanache, alangizi a zaukhondo amene amayendera malo ophikira ndi ogulitsira nyama, alonda a usiku ndi achitetezo a m'madera amene amathandizana ndi apolisi, onsewa ndiwo amachititsa kuti msika wa anthu zikwizikwi usasanduke gwero la matenda kapena la umbava. Kufunika kwawo kudaonekera poyera m'zaka za 2022 ndi 2023, pamene mliri wa kolera udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, pakuti pamalo othithikana ngati Dzaleka ngalande imodzi yotsekeka m'nyengo ya dzinja ingathe kudwalitsa zoni yonse. Ambiri mwa othawa kwawo amene amagwira ntchito zoterezi pansi pa mabungwe salandira malipiro enieni, chifukwa lamulo silikuwalola kulembedwa ntchito ngati nzika, koma amapatsidwa kandalama kongowalimbikitsa kamene nkochepa kwambiri poyerekeza ndi malipiro a Mmalawi wogwira ntchito yofanana nayo, ndipo ena amagwira mongodzipereka popanda kanthu kalikonse.

Woyendetsa malo a malonda amayeneranso kudziwa kayendedwe ka ndalama m'dera lake. Ku Dzaleka msika umadzaza ndi kuphwa motsatira thandizo la bungwe la World Food Programme, limene lidasiya kugawa chakudya chenicheni nkuyamba kupereka ndalama kuti mabanja azidzigulira okha, kotero kuti pamene bungweli lidachepetsa thandizolo kufika pa theka mu 2023, amene adamva kuwawa adali mabanja a mumsasa pamodzi ndi alimi a ku Dowa ndi Ntchisi amene amadalira kugulitsa zokolola zawo kumeneko. Mu 2018 banki ya New Finance Bank, imene pambuyo pake idadzatchedwa MyBucks, idatsegula nthambi mkati mwa msasa, ndipo izi zidapatsa amalonda malo osungira ndalama ndi mwayi wa ngongole umene kale unkapezeka makamaka m'magulu a banki m'khonde. M'chaka chomwecho wailesi ya Yetu idayamba kuulutsa mawu kuchokera mumsasamo, ndipo olengeza misonkhano, masewero ndi malonda adapeza njira yofikira othawa kwawo ndi anthu a m'midzi yoyandikana nthawi imodzi.

Mbali ya ntchitoyi imene yatchukitsa Dzaleka kunja kwa malire a dziko lino ndi yokonza zikondwerero, ndipo chachikulu mwa izo ndi Tumaini, dzina la Chiswahili lotanthauza chiyembekezo. Chikondwererochi chidayambitsidwa mu 2014 ndi Trésor Nzengu Mpauni, mlakatuli wochokera ku Lubumbashi m'dziko la Congo wodziwika ndi dzina lakuti Menes la Plume, amene adafika m'Malawi mu 2008, ndipo chimayendetsedwa ndi bungwe lake la Tumaini Letu, limene mu 2020 lidalandira mphoto ya Sharjah yoperekedwa kwa olimbikitsa ufulu wa anthu othawa kwawo. Kawirikawiri chimachitika chakumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanakhazikike, ndipo polowa salipiritsa, zimene zikutanthauza kuti ndalama zonse za nsanja, zokuzira mawu, majenereta, mayendedwe a oimba ndi chitetezo ziyenera kupemphedwa kwa abwenzi akufuna kwabwino miyezi yambiri tsikulo lisanafike. Wokonza chikondwerero chotere amakhala wolemba makalata opempha thandizo, wowerengera ndalama, wokambirana ndi akuluakulu a boma ndi apolisi kuti apereke chilolezo cholowetsa alendo zikwizikwi m'malo otetezedwa, komanso mphunzitsi wa achinyamata ongodzipereka amene amalondolera alendo, kusunga bata ndi kutola zinyalala phwando likatha.

Luso lalikulu la okonza Tumaini lili pa kusandutsa chisangalalo kukhala malonda a anthu wamba. Popeza mumsasa mulibe mahotela okwanira, iwo adakonza zoti alendo azigona m'nyumba za mabanja a othawa kwawo ndi kulipira eni nyumbazo, ndipo dongosololi limafuna anthu oyendera nyumba, olemba maina, ogwirizanitsa mlendo ndi banja lomuyenera ndiponso othetsa madandaulo. Ophika, osoka zitenje, osema ziboliboli, ojambula ndi akabaza amapeza m'masiku ochepawo ogula amene sawaona chaka chonse, choncho kugawa malo ogulitsirapo mwachilungamo ndi nkhani yaikulu imene ingamange kapena kupasula ubale wa mitundu. Pokonza ndandanda wa oimba ndi ovina, okonzawo amasakaniza magulu a mumsasa, monga oimba ng'oma za ku Burundi a Amahoro, ndi oimba a Chimalawi komanso a maiko ena, kuti wochokera ku Lilongwe amene adabwera kudzaona woimba amene amamudziwa abwerere ataonanso luso la anthu amene ankangowamva m'nkhani za pawailesi. Ntchito yofananayo, ngakhale pamlingo wochepa, imagwiridwanso pa 20 Juni, tsiku lokumbukira anthu othawa kwawo padziko lonse, ndiponso pa mipikisano ya mpira ndi misonkhano ya makwaya a mipingo yambirimbiri ya mumsasamo.

Palibe sukulu imene imaphunzitsa ntchito imeneyi pa dzina lake. Ena adabwera nalo luso kuchokera kwawo kumene adali amalonda, atolankhani kapena akuluakulu a mipingo, ena adaphunzira kuwerengera ndalama ndi kuyendetsa magulu kudzera m'maphunziro a mabungwe monga Jesuit Refugee Service ndi There is Hope, limene lidakhazikitsidwa ndi Innocent Magambi, yemwenso adakhalapo ku Dzaleka ngati wothawa kwawo, koma ambiri adaphunzira pogwira ntchitoyo pambali pa amene adawatsogolera. Vuto losatha nlakuti munthu akafika podziwa bwino ntchitoyo nthawi zina amapeza mwayi wosamukira ku America, Canada kapena Australia, ndipo nzeru zimene zidali m'mutu mwake zimapita naye ngati sizidalembedwe kapena kusiyiridwa wina.

Chiyeso chachikulu cha zaka zaposachedwa chidadza mu 2023, pamene boma lidalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'mizinda ndi m'midzi abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 Epulo, ndipo kuyambira mu Meyi apolisi adayamba kuwagwira ndi kuwatengera kumsasa. Dandaulo la amalonda ang'onoang'ono a Chimalawi, lakuti alendo amawalanda msika m'matauni, lili ndi maziko ake m'umphawi weniweni ndipo siliyenera kunyozedwa, koma kubwezera anthu onsewo pamalo odzaza kale kudaonjezera ogulitsa popanda kuonjezera ogula, madzi kapena zimbudzi, ndipo katundu yenseyo adagwera pamapewa a anthu omwe aja osesa, olondera ndi oweruza mikangano. Kafukufuku amene bungwe la International Finance Corporation lidatulutsa mu 2018 adapeza kuti msasa wa Kakuma ku Kenya pamodzi ndi tauni yoyandikana nawo ndi msika wa ndalama zokwana madola 56 miliyoni pachaka, ndipo phunziro lake nlakuti msasa wokhalitsa umakhala mbali ya chuma cha boma limene ulimo.

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo anthu amene ayendetsa msika ndi zikondwerero za ku Dzaleka kwa zaka zoposa 30 aonetsa kuti kalumoko kalipodi. Chimene akusowa ndi komiti yodziwika ndi lamulo yokhalamo othawa kwawo, Amalawi a m'midzi yozungulira ndi khonsolo ya Dowa, thumba la ndalama lokhazikika lokonzera mashedi, ngalande ndi magetsi a pamsika, komanso malipiro oyenerana ndi thukuta lawo. Pamene dziko likuunikanso lamulo la 1989, opanga malamulo ayenera kukumbukira kuti anthu amenewa akugwira kale ntchito imene m'matauni ena imagwiridwa ndi khonsolo, ndipo ayenera kuzindikiridwa ndi kulipidwa ngati antchito.