Kasankhidwe ka Aphungu ku South Africa ndi Kavotedwe ka Zigawo

Nyumba ya Malamulo ya ku South Africa ili ndi aphungu 400 omwe amasankhidwa zaka zisanu zilizonse. Chisankho cha pa 29 May 2024 chinali chachisanu ndi chiwiri chiyambire ufulu wa demokalase mu 1994, ndipo chotsatira chikuyembekezeka mu 2029. Kasankhidwe kake n'kosiyana kwambiri ndi ka ku Malawi. Munthu wokhala ku Faerie Glen, kum'mawa kwa mzinda wa Pretoria, alibe phungu wa dera lake monga momwe wa ku Kasungu kapena ku Mangochi alili naye. Iye amavotera chipani, ndipo chipanicho chimalandira mipando molingana ndi kuchuluka kwa mavoti omwe chapeza.

Oyenera kuvota

Zisankho zimayendetsedwa ndi bungwe la IEC, lomwe likulu lake lili ku Centurion. Wovota ayenera kukhala nzika ya South Africa ya zaka 18 kapena kuposerapo, yokhala ndi chiphaso cha unzika, komanso yolembedwa m'kaundula wa ovota. Kulembetsa kumaloledwa kuyambira pa zaka 16. Amalawi ambiri omwe amagwira ntchito za m'nyumba, za m'dimba la maluwa ndi za ulonda ku Faerie Glen, Garsfontein ndi Lynnwood savota nawo, ngakhale atakhala ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, pokhapokha atalandira unzika. Komabe chisankhochi chimawakhudza, chifukwa aphungu ndiwo amakonza malamulo a ntchito ndi a anthu obwera.

Tsiku lachisankho limakhala la tchuthi, ndipo malo oponyera voti amatsegulidwa 7 koloko m'mawa n'kutsekedwa 9 koloko usiku. Wovota amapakidwa inki pachala chachikulu cha kumanzere. Mavoti amawerengedwa pamalo pomwepo pamaso pa oimira zipani, ndipo pepala la zotsatira limamatidwa pachitseko kuti aliyense aone.

Mapepala atatu ndi kagawidwe ka mipando

Mu 2024 wovota aliyense analandira mapepala atatu. Loyamba linali la dziko lonse, lokhala ndi zipani zokhazokha. Lachiwiri linali losankhira aphungu ochokera m'chigawo chake, ndipo palo panali zipani komanso oima paokha. Lachitatu linali la nyumba ya malamulo ya chigawo. Oima paokha analoledwa koyamba chaka chimenecho, kutsatira chigamulo cha khoti loona za malamulo oyendetsera dziko cha mu 2020, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anapambana.

Mwa mipando 400, theka limagawidwa m'zigawo zisanu ndi zinayi potengera chiwerengero cha olembetsa. Chigawo cha Gauteng, komwe kuli Pretoria ndi Johannesburg, chinali ndi mipando 47, KwaZulu-Natal 41, pomwe Northern Cape inali ndi isanu yokha. Mipando 200 yotsalayo ndi yowongolera masamu, kuti gawo la chipani m'nyumbamo lifanane ndi gawo la mavoti ake m'dziko lonse. Mwachidule, voti imodzi pa mavoti 400 alionse imabala mpando umodzi. N'chifukwa chake zipani 18 zinalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2024, zina ndi phungu mmodzi yekha.

Chisankho chisanachitike, chipani chilichonse chimapereka mndandanda wa mayina ku IEC. Chikapeza mipando 20, oyambirira pamndandandawo ndiwo amalowa mpaka chiwerengerocho chitakwana. Ubwino wa njirayi ndi wakuti mavoti ambiri satayika. Kuipa kwake n'kwakuti phungu amaopa kwambiri akuluakulu a chipani omwe amakonza mndandanda kusiyana ndi anthu omwe anavota, ndipo akachotsedwa m'chipani amataya mpando.

Faerie Glen ndi Mamelodi

Ngakhale kulibe madera a aphungu, komwe munthu amakhala kumasonyezabe momwe angavotere. Nthawi ya kampeni, mapolo a magetsi a mumsewu wa Atterbury amadzaza ndi zikwangwani za zipani zosiyanasiyana, zina m'Chingerezi zina m'Chiafrikaans, koma zotsatira za kum'mawa kwa Pretoria zimakomera chipani cha Democratic Alliance, chomwe chimadziwika kuti DA. Chipani cha Freedom Front Plus, chodalira kwambiri anthu olankhula Chiafrikaans, chimatolako mavoti ena. Makilomita ochepa kuchokera pamenepo kuli Mamelodi, komwe antchito ambiri a m'nyumba za ku Faerie Glen amakwerera minibasi m'mamawa. Kumeneko, monganso ku Atteridgeville ndi ku Soshanguve, chipani cha ANC ndicho chakhala chikutsogola, ngakhale EFF ndi zipani zina zakhala zikuchidya pang'onopang'ono.

Gwero la kusiyanaku ndi ulamuliro wa tsankho. Lamulo la mu 1950 logawa malo okhala potengera khungu linasunga madera abwino a m'mizinda kuti akhale a azungu, ndipo Mamelodi anakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1950 kuti mukhale anthu akuda ogwira ntchito mu Pretoria. Lamulolo linatha, ndipo lero ku Faerie Glen kumakhala anthu a mitundu yonse, koma kusiyana kwa chuma, sukulu ndi mbiri kudakalipo, ndipo kumaonekera m'bokosi la mavoti. Mzinda wa Tshwane, womwe umaphatikiza madera onsewa, ukusonyeza zotsatira zake. Kuyambira 2016 palibe chipani chomwe chakhala ndi makhansala opitirira theka, kotero mzindawu wakhala ukuyendetsedwa ndi migwirizano yomwe imamangidwa n'kumasukanso.

Zipani ndi zigawo zake

ANC inapeza mavoti 62 pa 100 alionse mu 1994, inakwera kufika pafupifupi 70 mu 2004, kenako inayamba kutsika. Mu 2019 inali ndi aphungu 230, koma mu 2024 inapeza mavoti 40 pa 100 alionse ndi aphungu 159 okha. Mphamvu zake zatsalira m'zigawo zomwe anthu ambiri amakhala kumidzi, makamaka Limpopo, komwe inaposa 70 pa 100 alionse, ndi Eastern Cape, kwawo kwa Nelson Mandela.

DA inapeza aphungu 87. Yakhala ikulamulira chigawo cha Western Cape kuyambira 2009, ndipo kwina konse imadalira madera a anthu opeza bwino a m'mizinda. Chipani cha uMkhonto weSizwe, kapena kuti MK, chomwe mtsogoleri wakale wa dzikolo Jacob Zuma analengeza kuti akuchithandiza mu December 2023, chinapeza aphungu 58 patangopita miyezi isanu, ndipo mavoti ake ambiri anachokera ku KwaZulu-Natal, kwawo kwa Zuma. EFF ya Julius Malema, yomwe inayamba mu 2013, inapeza 39. IFP, yomwe mizu yake ili kumpoto kwa KwaZulu-Natal m'madera monga Ulundi ndi Nongoma, inapeza 17, pomwe Patriotic Alliance ya Gayton McKenzie inapeza 9.

Ku Malawi nako zigawo zimalankhula. Mu 1994, mwa mipando 177, UDF inatenga 85, yambiri kummwera, MCP 56, yambiri pakati, ndipo AFORD 36, pafupifupi yonse kumpoto. Kusiyana kuli pa masamu. Ku Malawi wopambana m'dera, ngakhale ndi voti imodzi, amatenga mpando, ndipo mavoti a otsatira onse amapita padera. Ku South Africa voti ya DA yoponyedwa ku Mamelodi ndi ya ANC yoponyedwa ku Faerie Glen zimalowabe m'nkhokwe ya chipani.

Kuyeza mwayi wa chipani

Poyeza mwayi wa chipani chisankho chisanafike, akatswiri amayang'ana zinthu zitatu. Choyamba ndi kukula kwa zigawo zomwe chipanicho chili ndi mphamvu. Gauteng ndi KwaZulu-Natal zili ndi ovota ochuluka zedi, kotero kugwa kwa ANC m'zigawo ziwirizi kunalemera kuposa kupambana kwake ku Limpopo. Chachiwiri ndi chiwerengero cha otuluka kukavota. Mu 2024 anavota ndi pafupifupi 59 pa 100 alionse mwa olembetsa, ndipo m'madera ngati Faerie Glen anthu amatuluka mwaunyinji kusiyana ndi m'malokeshoni, zomwe zimakweza gawo la DA ngakhale isanakope otsatira atsopano. Chachitatu ndi kugawanika kwa zipani, pakuti EFF ndi MK zonse zinatuluka m'mimba mwa ANC n'kupita ndi mavoti ake.

Zochitika chisankho chikatha

Anthu a ku South Africa savotera mtsogoleri wa dziko mwachindunji. Aphungu ndiwo amamusankha pamsonkhano wawo woyamba ku Cape Town, choncho chipani chofuna kulamulira chokha chimafunika kupeza mipando 201. Mu 2024 palibe chomwe chinafika pamenepo. ANC inapanga boma la mgwirizano ndi DA, IFP, Patriotic Alliance ndi zipani zina, ndipo pa 14 June Cyril Ramaphosa wa ANC anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko ndi mavoti 283, kuposa Malema yemwe anapeza 44. Analumbiritsidwa ku Union Buildings mu Pretoria pa 19 June. M'zigawo nazo masamu ndi omwewo. Ku KwaZulu-Natal, MK inapeza mipando 37 mwa 80, kuposa chipani china chilichonse, koma IFP, ANC, DA ndi NFP zitaphatikiza mipando yawo zinakwanitsa 41 n'kusankha Thami Ntuli wa IFP kukhala mkulu wa chigawocho.