Nthaka yokana madzi: chifukwa chake mvula yoyamba imangodutsa pamwamba

Cholinga cha phunziro

Tidziwe kuyesa ngati nthaka ya m'munda mwathu ikumwa madzi, ndiponso zoyenera kuchita mvula isanayambe.

Vuto lake ndi lotani?

Nthawi zina mvula imagwa yamphamvu, koma mukakumba pamtumbira wa chinangwa mumapeza dothi lili gwa, louma ngati mu Okutobala. Dontho likagwera pa dothi lotere limakhala ngati mkanda, monga limachitira pa tsamba la nthochi. Izi n'zosiyana ndi nthaka yolimba chifukwa chopondedwa: dothi lokana madzi likhoza kukhala lofewa ndithu.

Chimayambitsa n'chiyani?

Masamba ali ndi phula lowateteza. Akawola, phulalo limakuta timibulu ta dothi. Masamba a bulugamu ndi paini ali ndi phula lambiri, choncho minda yoyandikana ndi mitengoyi tiziyesa kawirikawiri.

Moto umakulitsa vutoli. Tikatentha zinyalala, phula limasanduka nthunzi, n'kulowa pansi, kenaka n'kuzizirira pa dothi lomwe lili masentimita ochepa pansi pa phulusa. Phulusa la pamwamba limanyowa, koma pansi pake madzi sadutsa. Zomwezi zimachitika moto wolusa ukadutsa m'nkhalango ya paini ngati ya Chikangawa.

Dothi lamchenga, ngati la m'mbali mwa nyanja cha ku Chintheche, ndilo limagwidwa msanga, chifukwa phula lochepa limakwana kukuta mchenga wonse. Vutoli limakula nthaka ikaumitsa, ndipo limachepa ikanyowa kwa masiku angapo.

Madzi amapita kuti?

Minda yambiri kuno ku Nkhata Bay ili pamalo otsetsereka. Madzi okanidwa amathamanga, n'kukokolola dothi lachonde ndi feteleza kupita nazo kumitsinje mpaka kunyanja, komwe matope amakwirira malo oswerana nsomba. Madzi ochepa omwe alowa amatsata ming'alu ndi njira za mizu yakale, n'kupitirira kunsi, pomwe dothi la m'mbali likadali louma. N'chifukwa chake pamzere umodzi chimanga china chimamera, china ayi, ndipo mlimi amada mbewu pomwe vuto lili m'nthaka.

Tiyese m'munda wa sukulu

1. Sankhani malo atatu ouma: potenthedwa, pansi pa bulugamu, ndi pophimbidwa ndi mapesi.
2. Chotsani zinyalala ndi phulusa pamwamba.
3. Donthezani madontho asanu a madzi oyera, wina aziwerenga nthawi pa foni.
4. Palani masentimita 3 mpaka 5, mubwerezenso.

Dontho likalowa masekondi 5 asanakwane, nthaka ili bwino. Likatenga masekondi 5 mpaka 60, ikukana pang'ono. Likapitirira mphindi imodzi, vuto ndi lalikulu.

Zoyenera kuchita

• Lekani kutentha zinyalala. Phimbirani nthaka ndi mapesi kapena udzu kuti isaumitse.
• Pamchenga sakanizani dothi la pachulu kapena lamakande pamodzi ndi manyowa owola bwino.
• Limani mizere yopingasa chitunda, muikemo ngonyeka kuti madzi aime ndi kupeza nthawi yolowa. Dzalani vetiva pa akalozera.
• Musadzale pongoona kuti mvula yagwa. Yambani mwakumba ndi dzanja, muone ngati chinyezi chafika pomwe mbewu idzagone.

Zokambirana pagulu

Ndi malo ati omwe dontho linachedwa kwambiri? Nanga m'munda mwanu, ndi pati pomwe mbewu zimamera mwapatalipatali chaka ndi chaka? Kayeseni pamenepo sabata ino, mudzatiuze zomwe mwapeza tikadzakumananso.